Chingwe cha Kumwendo

Berenice, mkazi wa mwana wanga Desmond, akuyenda mu Ocean View monse muno kuuza anthu kuti amene anawononga zinthu ndine. Auze ndi agalu omwe. Ine ndinena mmene zinayendera, kuyambira Loweruka lija mpaka Lachitatu, ndipo sindichotsapo kanthu, ngakhale pamene pakundikhudza ineyo.

Ndili ndi adzukulu awiri aakazi amene amapalasa mabwato a mpikisano aja, aataliatali, owonda ngati singano, oti ine nditakhalapo thako limodzi likhoza kutsalira kunja. Rozelda ndi mwana wa malemu Maureen wanga, ndipo ndamulera ndekha kuyambira ali ndi zaka zinayi. Charnelle ndi wa Desmond ndi Berenice ameneyu. Anabadwa chaka chimodzi, anaphunzira kusambira limodzi ku Fish Hoek, kupalasanso anayamba tsiku limodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti Charnelle amadzuka chakudya chili patebulo, bwato lili kale padenga la galimoto. Rozelda amapalasa mbandakucha, kenako n'kuthamangira kukaima tsiku lonse m'sitolo ya mankhwala, tsitsi likudontha madzi amchere.

Loweruka limenelo unali mpikisano wa dziko lonse. Akazi atatu oyamba kufika ndiwo adzavale malaya obiriwira a dziko n'kupita ku Portugal kukapikisana ndi a mayiko onse. Awiri oyambawo tinkawadziwa kale, akazi awiri aja palibe amawagwira, amuna ena omwe amangowaona misana. Nkhani inali pa malo achitatu. Malo amodzi, adzukulu anga awiri. Ndipo Rozelda, amene amandiitana Ouma, ndiye kuti agogo kwathu kuno, anali atandiuza yekha kuti, "Ouma, zaka zakwana. Chaka chino chikandilaka, basi, ndikayamba sukulu ya unamwino, bwato ndilisiya."

Mwera unali utayamba kuwomba kuyambira Lachinayi. Amuna athu akale, mwera wotere ankamanga maboti padoko n'kupita kukamwa. Ana a masiku ano akauona amavina, ati ndi umene umakankha bwino mafunde. Anawatengera kutali, kupitirira Miller's Point, kuti abwere mphepo ili kumsana mpaka pa mchenga wa Fish Hoek.

Ine ndinakhala pa khoma la pagombe nditafunda bulangete, mchenga ukundilowa m'mano amene ndatsala nawo. Berenice anali poteropo ndi magalasi ake oonera patali, atavala chipewa cholembedwa dzina la mwana wake.

"Ma, mukanatsala kunyumba. Mphepo iyi si ya anthu a zaka zanu."

"Mphepo iyi ndatumbuliramo nsomba padoko la Kalk Bay zaka makumi anayi, iwe ukadali kumsana. Yang'ana m'timagalasi takoto."

Mpikisano umenewu suthera m'madzi. Ukafika m'mphepete umadumpha, n'kusiya bwato, n'kuthamanga pamchenga mpaka pa mbendera. Awiri aja anafika monga mwa masiku onse. Kenako zii. Tinadikira mpaka anthu anayamba kufunsana. Mwadzidzidzi bwato lofiira la Charnelle linatulukira, Berenice n'kuyamba kukuwa ngati wapsa ndi madzi otentha. Pambuyo pake, mtunda wosakwana kuchokera pakhomo panga kukafika pa tchalitchi, loyera la Rozelda. Wachitatu Charnelle, wachinayi Rozelda. Wachisanu, mtsikana wina wa ku Durban, anafika tiyi wanga atazizira kale.

Ine sukulu sindinapite, koma nkhope ndimawerenga. Munthu amene wangopeza malo a ku Portugal sagwada pamchenga atazolika ngati wagwidwa akuba nkhuku. Ndipo Rozelda anamudutsa pafupi penipeni osamugwira ndi phewa lomwe, pamene awiriwa ngakhale akokane tsitsi m'mawa, pomaliza mpikisano amakumbatirana.

Masana ake ndinamupeza Rozelda kuseri kwa nyumba akutsuka bwato ndi paipi. Ndinamufunsa kawiri, osayankha. Kachitatu ndinatseka mpopi.

Pa mipikisano imeneyi aliyense amamanga chingwe m'munsi mwa bondo, mbali inayo n'kumangirira ku bwato. Ndi lamulo, ndipo lamulo lake n'lomveka. Bwato limeneli n'lopepuka, ine ndemwe ndimalinyamula. Ukagwa pa mwera limagubuduzika pamwamba pa madzi ngati pepala, ndipo palibe munthu wobadwa mwa mkazi angalipeze ndi kusambira. Koma Charnelle chingwe amadana nacho. Amati chimamukola m'mapazi, chimamuchedwetsa podumpha pagombe.

"Titadutsa nsanja ya nyali ija ya Roman Rock, anali patsogolo panga pang'ono," anatero Rozelda. "Ndinangoona bwato lofiira likugubuduzika lokha. Kenako mutu m'madzi, nkhafi ataikweza m'mwamba."

"Chingwe chinaduka?"

"Sichinaduke, Ouma. Anamasula yekha. Chinali chokulungidwa bwinobwino pa bwato."

"Boti la opulumutsa linali kuti?"

"Kutsogolo ndi amuna. Panalibe wina."

Anati kulithamangira bwatolo sikunavute, poti linkapita komwe mphepo ikupita. Vuto linali kubwerera nalo. Manja onse awiri ali pa nkhafi, ulikoka ndi chiyani, mano? Ndiye mwana wanga anamasula chingwe chake chomwe kumwendo, n'kumangirira bwato la mnzakeyo ku lake, n'kutembenukira kumphepo. Pakati pa nyanja, pamene shaki zimasewera, iye wopanda chingwe. Akanangogwa, mabwato onse awiri akanapita, atsikana awiri n'kutsala akuyandama ngati zitsekerero za mabotolo. Anapalasa mpaka anamupeza, milomo itasintha mtundu ndi kuzizira. Anamugwirira bwato mpaka atakwera.

"Ndiye?"

"Ndiye ine ndikulimbana ndi chingwe kuti ndibwezere kumwendo, zala zitauma, funde linabwera. Analikwera."

"Ndani?"

"Charnelle."

"Anakwera funde."

"Eya."

"Iwe ukumanga chingwe."

"Eya, Ouma."

"Anati chiyani?"

"Sananene kanthu. Mwina ndi mantha. Munthu ukatuluka m'madzi otero umangofuna mtunda."

"Mantha ake odziwa kuthamanga mpaka pa mbendera? Mantha ophunzira."

Ndinadziponya pa ndowa mpaka inalira. Osati ndi chisoni, ndi ukali.

"Ouma, musauze munthu. Pali zina simukuzidziwa. Ndikonza ndekha."

"Ndiuze ndani ine? Ndine wailesi?"

Tisanadye chamadzulo foni yake inalira. Bwato lililonse limanyamula kachipangizo kamene kamaonetsa pa kompyuta pamene lili, ndipo akuluakulu a mpikisano anali ataona timadontho tiwiri titazengereza malo amodzi mphindi zisanu ndi imodzi. Anati onse awiri abwere Lachitatu adzafotokoze, ndipo mayina a opita ku Portugal sawatchula mpaka tsikulo. Rozelda anandiuza kuti wothandiza mnzake panyanja amamubwezera nthawi imene anataya, ndipo womasula chingwe amamuchotsa. Ndinati basi, Mulungu sagona.

Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi onse amadya kwanga, kuyambira kalekale. Ndinawotcha nsomba ya snoek ndi jamu wa maapurikoti, mpunga wachikasu wa mphesa zouma, ndi mbatata. Ndinaphika bwino dala, poti ndewu ya pamimba yanjala sikoma. Berenice anabwera ndi keke yolembedwa Portugal pamwamba, n'kuiika pakati pa tebulo langa osapempha.

Ndinadikira Desmond apemphere. Atangoti ameni ndinati, "Desmond, bambo ako atagwa m'nyanja ku Hangklip, anawatola ndani?"

"Oom Sollie, Ma."

"Ndipo mpaka Sollie kumwalira, nsomba yoyamba ya tsiku inkapita kwa ndani?"

"Kwa Oom Sollie. Bwanji, Ma?"

"Ndimangofuna kudziwa ngati ukukumbukira. Poti m'nyumba mwakomo zikuoneka kuti munthu akakutola m'madzi umamuthokoza ndi msana."

Mafoloko anaima. Rozelda anandiponda pansi pa tebulo.

"Usandiponde, phazi limeneli n'lotupa kale."

Berenice anapukuta pakamwa pang'onopang'ono. Pomwepo ndinadziwa kuti nkhani akuidziwa, poti munthu wosadziwa amayamba wadabwa.

"Ma, ngati muli ndi mawu, nenani osazungulira."

"Funsa mwana wako kuti chingwe chinali kuti."

"Charnelle anagwa, inde. Aliyense amagwa. Chingwe chinali kumwendo, anakoka bwato lake, anakweranso yekha. Rozelda ngati anaima, anaima pa zifukwa zake. Mwina nayenso anagwa. Kulephera kumawawa, tonse tikudziwa."

"Ndikufunsa mwana, osati loya wake."

Charnelle anali atawerama akusankha minga m'nsomba imene ndinali nditachotsa kale minga.

Desmond anaika mpeni pansi. "Charnelle, tayang'ana kuno. Chingwe chinali kumwendo?"

"Ndanena kale," anatero Berenice.

"Ndikufunsa mwana, Berenice."

Zaka makumi atatu ndakhala ndikudikira kuti ndimve ngati mnyamata ameneyu ali ndi pakhosi.

"Chinali kumwendo, Dadi," anatero Charnelle, timawu tochokera m'mphuno.

Desmond anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anadzuka n'kutuluka panja, ati akasute, munthu woti fodya anasiya Rozelda ali ku pulayimale. Pakhosi pajapo panathera pomwepo.

"Mwasangalala?" anatero Berenice. "Inu mwakhala mukukondera kuyambira kale. Rozelda akatsokomola mumathamanga ndi uchi. Charnelle atathyoka mkono munati n'kulekerera."

"Rozelda alibe amake. Charnelle ali ndi amake okwana ana atatu."

"Mukufuna mwana wanga amuletse chaka chonse? Zaka khumi akudzuka kusanache, ine ndikumuperekeza, mvula ndi mphepo."

"Iwe umakhala m'galimoto utatseka mawindo ukudya timandasi ta koesister. Ndinakuona."

"Mwana ameneyu ndi magazi anunso, Ma."

"N'chifukwa chake ndikufuna anene zoona. Akanakhala wa eni ake ndikanangomuseka."

"Zoona zake ziti? Munaliko inu? Inu munali pakhoma ndi bulangete."

"Rozelda analiko."

"Rozelda akufuna malo."

Rozelda anangoyang'ana Charnelle n'kunena motsitsa kuti, "Char, manja ako aleka kunjenjemera?"

Charnelle anadzuka n'kuthamangira ku galimoto. Berenice ananyamula keke yake. Ndinamuuza kuti aisiye, mwina ifunika kwa wina Lachitatu, poti dzina sanalembepo, anangolemba Portugal. Anamenyetsa chitseko changa mpaka chithunzi cha malemu amuna anga chinapendekera.

"Ndinati musauze munthu," anatero Rozelda tikutsuka mbale.

"Desmond si munthu, ndi mwana wanga."

"Ouma, Lachitatu musabwere. Ndikukupemphani."

"Ndikatani kumeneko? Ndili ndi zochapa."

Lachitatu masana ndinavala diresi yanga ya kutchalitchi n'kukakhala m'galimoto mwake iye asanatuluke m'nyumba. Anayang'ana ine, anayang'ana wotchi, n'kuliza galimoto.

"Mukalowa musakatsegule pakamwa."

"Ngakhale kuyasamula?"

Bwalo lake linali m'chipinda chapamwamba cha kalabu, fungo la zovala zonyowa lokhalokha. Patebulo panali anthu atatu: wapampando, Bambo Lategan, a ndevu zoyera, bambo wina wa kompyuta, ndi mayi wina wa mapewa otambalala, wopalasa wakale. Ife abale anatikhazika kumbuyo n'kutiuza kuti ndife makutu chabe. Berenice mbali iyo, ine mbali ino. Desmond sanabwere, ati snoek yatuluka, wapita kokawedza. Snoek yake yodziwa kutuluka pa tsiku la mlandu.

Wa kompyutayo anaonetsa timadontho tija. Anati kachipangizoko kamalankhula pakapita mphindi zingapo, ndiye kamangoonetsa kuti mabwato awiri anazengereza dera limodzi. Amene anagwa, amene anathandiza, sikanena.

Anayamba ndi Charnelle. Analankhula ngati mwana wolakatula ndime ya Sande sukulu, ndipo ndinaona milomo ya amake ikuyenda naye limodzi. Anagwa, chingwe chinali kumwendo, anavutika kukwera chifukwa cha mafunde, Rozelda anali pafupi koma sakudziwa chimene ankachita. Maso ake anali pa mwendo wa tebulo.

Kenako Rozelda. Ananena za bwato logubuduzika, za mutu m'madzi, za kulithamangira ndi kulibweza. Mayi uja ankagwedeza mutu kuvomereza. Ine ndinati zatheka.

"Mwati munalibweza kumphepo," anatero Bambo Lategan. "Munalikoka ndi chiyani?"

"Ndinaponya mwendo pamwamba pake."

"Mwendo?"

"Eya."

Mayi uja analeka kugwedeza mutu. "Pa mwera wa Loweruka? Mwendo umodzi kunja, bwato lina likukumenya m'nthiti, n'kumapalasa kumphepo?"

"Eya."

Ine ndinadabwa. Mwendo wachokera kuti? Ndinaganiza kuti mwanayu akuchita manyazi kudzitama pamaso pa anthu, poti ndi mmene ndinamulerera. Mbali inayo ndinamva Berenice akuti "hm," kaphokoso kake kaja kamene amachita mlaliki akalakwitsa ndime.

Bambo Lategan anavula magalasi. "Mwana wanga, nyanja iyi ndaipalasa zaka makumi atatu. Zimene mukunenazo sizitheka. Tsono ngati mbali iyi si yoona, zinazo tizikhulupirire bwanji?"

Anayamba kulemba. Berenice anapinda manja n'kuyang'ana kudenga ngati woyera mtima wa pa kalendala. Mwana wanga, amene anaika moyo wake pachiswe, akumulemba kuti ndi wabodza, wakuba weniweni atakhala phee. Sindikudziwa kuti ndinaimirira liti.

"Bambo inu, taleka kaye kulembako."

"Amayi, tinanena kuti abale..."

"Ndamva zimene munanena, tsopano mumve zanga. Mwana uyu sakufuna kudzitama, ndiye ndimutamira ndine. Si mwendo ayi. Anamasula chingwe chake chomwe, cha kumwendo kwakeko, n'kumangirira bwato la mbale wake, n'kulikoka yekha wopanda chomugwira. Inu a zaka makumi atatu, munayamba mwatero? Boti lanu lili kutsogolo likuonerera amuna, mtsikana uyu ndi amene anagwira ntchito yanu. Ndiye mukumulemba chiyani m'bukumo?"

"Ouma, khalani pansi," anatero Rozelda. Anali atatsinzina.

Mayi uja anaika cholembera patebulo mwakachetechete. Wa kompyuta anayang'ana Bambo Lategan.

"Rozelda, n'zoona? Munamasula chingwe?"

"Eya."

Pomwepo Charnelle analira, kulira kwenikweni kwa mamina. "N'zoona zonse. Ndinayamba kumasula ndine, titangodutsa nsanja. Bwato linapita. Miyendo sindinkaimvanso. Akanapanda Roz..."

"Charnelle, khala chete," anatero Berenice.

"Mami, ndatopa. Kuyambira Loweruka sindinagone."

Ndinatembenuka n'kumuyang'ana Berenice bwinobwino, kuyambira pa tsitsi lake logula mpaka ku nsapato. Sindibisa, zinandikomera ngati msuzi wa mutu wa nsomba.

Anatitulutsa kuti akambirane. Tinaima pakhonde, mwera ukadali kuwomba. Berenice anapita kumapeto uko ndi foni. Charnelle anakhala pa masitepe atabisa nkhope. Ine ndekha ndi amene ndinali wosangalala, ndipo ndinadabwa kuona Rozelda nkhope ili gwa.

"Bwanji? Wawina. Waulula yekha."

"Ouma, lamulo silifunsa chifukwa. Limangoti aliyense amene wamasula chingwe asanafike pa mafunde a pagombe, wachotsedwa."

"Aliyense womasula mwa uchitsiru."

"Aliyense."

"Ngakhale wopulumutsa munthu?"

"N'chifukwa chake ndinati mwendo."

Mphepo inandilowa m'diresi. "Nanga bwanji sunandiuze?"

"Ndikanakuuzani, Lamlungu Antie Berenice akanazimva pamodzi ndi mbatata. Ndinakuuzani kuti musabwere."

"Akanakutcha wabodza."

"Akananditcha. Koma Char anali atatsala pang'ono kusweka. Ndinkamuona. Akanangomufunsa kachiwiri, akananena yekha, osatchula chingwe changa. Sakanachitchula."

"Amene anakusiya pakati pa nyanja?"

"Yemweyo."

Anatenga ola lathunthu. Atatiitana, Bambo Lategan anawerenga papepala osayang'ana munthu. Charnelle wachotsedwa pa mpikisano, ndipo sapalasa mpikisano uliwonse chaka chathunthu, chifukwa cha chingwe ndi chifukwa cha bodza. Rozelda akumuthokoza m'dzina la opalasa onse chifukwa cha mtima wake. Koma naye wachotsedwa. Anati awiri avomereza, mmodzi wakana, ndipo sindinafunikire sukulu kuti ndidziwe wokanayo, mayi uja nkhope inali itafiira mpaka m'khosi. Malo achitatu apita kwa mtsikana wa ku Durban.

"Wa tiyi wozizira uja?" ndinatero.

"Amayi, mundimvetse," anatero Bambo Lategan. "Chimene amayenera kuchita n'kukhala pafupi ndi mnzakeyo, amugwiritse bwato lake, awombere moto wofiira m'mwamba, adikire boti. Bwato litayike, ndi chinthu chabe. Mmene anachitiramu, tikanatha kutola mitembo iwiri. Tikamulola lero, mawa mwana wina adzatengera, ndipo ameneyo sadzabwerako."

"Adikire boti liti? Limene linali ku Fish Hoek likujambula amuna? Mwana wa Desmond akanauma m'madzimo inu mukuwerenga kabuku. Kwathu padoko munthu akagwa m'nyanja sitifunsa kuti chingwe n'cha ndani. Timaponya chimene chili pafupi, kaya lamba, kaya thalauza. Ndiye inu mukuti wosiya mnzake ndi womutola mlandu wawo ndi umodzi?"

"Si umodzi. Winayo taletsa chaka."

"Onse awiri atsala. Ku Portugal kukupita munthu amene sanagwe, sanatole, sanaone kanthu, anangochedwa. Ndiye phunzitsani ana kuti akaona mutu m'madzi aziyang'ana kumbali."

Bambo Lategan anangoti pa mwambo wa kumapeto kwa chaka adzamupatsa Rozelda chikho cha ulemu. Ndinawauza kuti chikhocho adzamweremo okha tiyi.

Pa masitepe Berenice anandidikira. Maso anali atatupa, koma pakamwa panali pabwinobwino.

"Mwaona? Banja linali ndi malo amodzi m'manja. Tsopano lilibe. Pakamwa panupo, Ma."

"Malo akuba si malo."

"Mukanakhala chete, mmodzi akanapita. Wanga kapena wanu, koma mmodzi."

"Ukanamuphunzitsa mwana wako kumanga chingwe m'malo momuphunzitsa kulakatula, sitikanabwera n'komwe kuno. Keke ija ikadalipo? Itumize ku Durban."

Charnelle anabwera kwa Rozelda pafupi ndi galimoto, manja ali m'matumba. Sindinamve zonse chifukwa cha mphepo. Ndinangomva Rozelda akuti, "Osati lero, Char." Kenako anatsegula chitseko n'kundidikira kuti ndikwere.

Panjira ndinalankhula ndekha. Ndinanena za ndevu za Lategan, za boti lawo, za Desmond ndi snoek yake, za Berenice ndi mtundu wa kwawo wonse kuyambira agogo ake amene anagulitsa bulu wakhungu ku Simon's Town. Ndinati tikachite apilo, tipite ku nyuzipepala, ndikaime ndekha pakhomo pa kalabupo ndi chikwangwani, wina andilembere. Rozelda anangogwira chiwongolero. Titadutsa Sun Valley anapatukira m'mphepete mwa msewu n'kuzimitsa galimoto.

"Apilo kulibe, Ouma. Ndinavomera ndekha pamaso pawo."

"Ndiye chaka chamawa."

"Chaka chamawa ndidzakhala ndikusintha mabandeji."

Magalimoto ankangotidutsa.

"Ndikufunseni chinthu chimodzi," anatero. "Mundiyankhe zoona. Mukanadziwa za lamuloli, bambo aja akundilemba kuti ndine wabodza, Antie Berenice akuchita hm, mukanakhala chete?"

Ndinafuna kunena kuti inde. Mawuwo anafika mpaka pa lilime. Koma ndinali nditangochoka kumene kukalipira anthu chifukwa cha bodza, ndipo nkhope ya Berenice yoyang'ana kudenga ija inali ikadali m'maso mwanga.

"Ayi," ndinatero.

"Ndimadziwa."

Analiza galimoto. Tinafika kunyumba dzuwa likulowa, anatsitsa bwato loyera lija padenga yekha, n'kukana kuti ndimugwirire kumapeto.